Mutu 12: Kusankha Drill ya Batire Yoboolera Khoma

Wogulitsa zipangizo wodziwa ntchito yake, mmisiri akamulowera m'sitolo kudzafuna drill, amayamba wafunsa kuti, "Bambo, mukukaboola khoma lotani?" Ogulitsa otere ndi ochepa. Ambiri amangotsitsa bokosi pa shelefu n'kuyamba kuloza manambala akuluakulu olembedwa m'mbali mwake, ndipo mmisiri amatulutsa ndalama zimene wakhala akusunga kwa miyezi, osadziwa ngati makinawo akagwirizane ndi ntchito imene imam'dyetsa. Koma funso la khomalo ndi limene limatsogolera china chilichonse.

Makoma amene amisiri amakumana nawo ndi osiyana kwambiri. Njerwa yootcha pa uvuni wa kumudzi kawirikawiri imakhala yofewa, ina imafumbutuka ndi msomali womwe, ndipo nyumba zambiri zinamangidwa ndi dothi pakati pa njerwa n'kubisidwa ndi pulasitala. Buloko la simenti ndi lolimba kunja koma lili ndi mphako mkati. Ndiye pali konkire ya lintel, ya ring beam, ya mizati ndi ya silabu, mmene muli miyala ya kwale ndi zitsulo za Y10 kapena Y12. Kuno ku Malawi zinthu zikusintha: mu 2018 kunakhazikitsidwa malamulo, kudzera ku bungwe la National Construction Industry Council, oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi zamalonda pofuna kupulumutsa mitengo. Choncho mmisiri amene akufuna ntchito za m'tauni akukumana ndi mabuloko ndi konkire kuposa mmene bambo ake ankakumanirana nazo. Drill imene inkakwanira kale ikhoza kum'chititsa manyazi lero.

Mwala sudulidwa, umaphwanyidwa

Thabwa ndi chitsulo zimabooledwa posema: nsonga yakuthwa imazungulira n'kumachotsa timapalepale. Mwala suvomera zimenezo. Magetsi asanabwere, wofuna kuboola mwala ankagwira chitsulo chosongoka, n'kuchimenya ndi hamala, kuchizunguza pang'ono, n'kumenyanso, mpaka bowo litazama. Makina onse oboolera khoma amachita ntchito yomweyi mofulumira: kumenya kumaphwanya mwalawo, kuzungulira kumasuntha nsonga kuti ikamenye pamalo ena, ndipo mizere yopotana ya kachitsulo koboolera, kamene amisiri amati bit, imatulutsa fumbi kunja.

Vuto ndi lakuti pali makina a mitundu iwiri amene onse ali ndi chizindikiro cha hamala pambali, pamene mkati mwake muli zinthu zosiyana kutalitali.

Mtundu woyamba ndi hammer drill, imene ena amati combi drill chifukwa imaboola thabwa ndi chitsulo, imamanga masikulu, komanso imagogoda khoma. Kumbuyo kwa chuck, pakamwa pogwira bit paja, kuli timbale tiwiri tachitsulo tokhala ndi mano. Mukaisinthira ku chizindikiro cha hamala, timbaleti timakhudzana, ndipo pamene kamodzi kakuzungulira, mano ake amakwera pa mano a kanzake n'kugwera, kukwera n'kugwera. Zimenezi zimachititsa chuck yonse kudumphadumpha maulendo 30,000 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi. Nambalayi imaoneka yoopsa, koma kugogoda kulikonse ndi kochepa zedi, ndipo kumadalira kuti munthu akankhe ndi thupi lake kuti manowo alumane. N'chifukwa chake makina amenewa amalira mokweza m'makutu, ndipo akafika pa mwala wa kwale mkati mwa konkire amangozungulira pamalo amodzi, bit n'kutentha, mmisiri thukuta lili kamukamu.

Mtundu wachiwiri ndi rotary hammer, imene amisiri ambiri amangoitchula kuti SDS. Mkati mwake mota imayendetsa pisitoni m'kapaipi, pisitoniyo imapanikiza mpweya, ndipo mpweyawo umaponya kachitsulo kolemera kamene kamakamenya kumapeto kwa bit. Imamenya maulendo 4,000 mpaka 5,000 okha pa mphindi, koma kumenya kulikonse ndi kwenikweni. Bit yake simangidwa zolimba ngati mu chuck wamba. Ili ndi mipata m'tsinde mwake mmene timipira tachitsulo timaigwira kuti isagwe, koma imatha kutsetsereka kutsogolo ndi kumbuyo, motero mphamvu yonse imathera pansonga. Mayi wosinja chimanga sakanikiza musi mumtondo, amaukweza n'kuusiya ugwe ndi kulemera kwake. SDS nayo safuna kukanikizidwa. Mumangoigwira mowongoka n'kuitsamira pang'ono, yokha imalowa.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Kampani ya Bosch ya ku Germany inayamba kupanga makina amagetsi omenya ndi kuboola mu 1932. Mu 1967 kampani ya Hilti ya ku Liechtenstein inatulutsa TE 17, imene inatchukitsa njira yomenya ndi mpweya ija, ndipo mu 1975 Bosch inabweretsa kagwiridwe ka bit ka SDS. Drill yoyamba ya batire inatuluka mu 1961 ku kampani ya Black & Decker, koma kwa zaka zambiri mabatire anali ofooka moti amisiri a konkire ankadalirabe chingwe. Zinthu zinasintha cha m'ma 2005, pamene makampani monga Milwaukee ndi Makita anayamba kugulitsa zipangizo za mabatire a lithium-ion.

Nanga mmisiri asankhe iti? Kalipentala amene tsiku lake limathera pa matabwa, makabati ndi zitseko, n'kumaboola apa ndi apo mabowo a mamilimita 5 mpaka 8 m'njerwa kuti akoleke shelefu kapena ndodo ya makatani, hammer drill yabwino im'kwanira, ndipo ndi yopepuka. Koma wa zamagetsi, pulambala, woika zipangizo za sola, womanga madishi a TV, wowotcherera amene amakhoma zitsulo zoteteza mawindo, ndi aliyense amene mlungu sutha asanaboole konkire kapena kumanga mabawuti a mamilimita 10 ndi 12, maganizo anga ndi akuti ayambe ndi SDS, ngakhale itadula kuposa inayo. Bowo limene hammer drill imalimbana nalo kwa mphindi zingapo, SDS imalimaliza m'masekondi. Ambiri amadzafika pokhala ndi zonse ziwiri, ndipo zimenezo n'zoyenera, koma yoyamba kugula ikhale yogwirizana ndi mabowo a tsiku ndi tsiku.

Manambala oyenera kuwerenga

Pa SDS nambala yofunika koposa ndi mphamvu ya kumenya kumodzi, imene imayezedwa m'majoule ndipo imalembedwa ndi chilembo cha J. Makina a batire la 18V amene amisiri ambiri amakonda amakhala pakati pa 2 J ndi 3 J. Mwachitsanzo, Makita DHR242 ili ndi 2.0 J, DeWalt DCH273 ili ndi 2.1 J, pamene Bosch GBH 18V-26 ili ndi 2.6 J. Makampani akuluakulu anagwirizana njira imodzi yoyezera mphamvuyi, ya bungwe la EPTA la ku Ulaya, kuti manambala awo aziyerekezeka. Makina osadziwika kochokera akhoza kulembedwa nambala ina iliyonse, ndiye kamakina kopepuka ngati chidole kakamanena kuti kali ndi 5 J, musakakhulupirire.

Pabokosi amalembanso kukula kwa bowo limene makinawo angaboole mu konkire, monga mamilimita 24 kapena 26. Amenewo ndi malire, si ntchito ya tsiku lonse. Makina a mamilimita 24 amagwira bwino pa mabowo a 6 mpaka 16, ndipo wowagwiritsa ntchito pamalire nthawi zonse amawapha msanga. Woboola mabowo aakulu kawirikawiri amafunika SDS-Max, imene tsinde la bit yake ndi la mamilimita 18, kusiyana ndi SDS-Plus ya mamilimita 10. Ma bit a mitundu iwiriyi salowana.

Onaninso kuti makinawo ali ndi magwiridwe angati. Ena ali ndi awiri, kuzungulira kokha ndi kuzungulira komenya. Ena ali ndi kagwiridwe kachitatu, kumenya kokha popanda kuzungulira, kumene mumaikako tchizulo. Kwa wa zamagetsi amene amakumba ngalande za mapaipi a mawaya m'khoma, kapena wochotsa matailosi akale, kagwiridwe kachitatuka ndi kamtengo wapatali. Komabe makina a 2 J si ogumulira silabu.

Pa hammer drill muyang'ane chuck yachitsulo ya mamilimita 13, magiya awiri kapena atatu, ndi chogwirira cham'mbali. Pa mitundu yonse iwiri, mota imene amati brushless ndi yabwino kuposa yakale ya timakala tiwiri tokhuza pakati pa mota. Imatentha pang'ono, imadya batire mosamala, ndipo mulibe timakala totha ndi fumbi. Kuipa kwake n'kwakuti imadalira kabolodi ka zamagetsi, ndipo kabolodiko kakapsa, wokonza wa pamsika sangakasoke ndi waya, pamafunika kena katsopano. Musanagule, funsani ngati zida zosinthira za makinawo zimapezeka m'dziko muno.

Batire

Apa ndi pamene pamapita ndalama zambiri, ndipo ndi pamene anthu amasokonezeka kwambiri. Batire la 18V lili ndi timabatire tisanu tolumikizana mondondozana, kalikonse ka 3.6V. Tikangotchajidwa kumene, kalikonse kamafika pafupifupi 4V, ndipo makampani ena amatenga nambala imeneyi n'kulemba 20V Max. Ndi batire lomwelo. DeWalt imagulitsa zipangizo zofanana ngati 20V MAX ku America ndi 18V XR ku Ulaya. Wogulitsa akakuuzani kuti ya 20V ndi yamphamvu kuposa ya 18V, dziwani kuti wangowerenga bokosi.

Nambala ya Ah ndiyo imanena kuchuluka kwa moto umene batire lingasunge. Mukachulukitsa mavoti ndi Ah mumapeza Wh: batire la 18V la 5.0Ah limasunga 90 Wh, pamene la 2.0Ah limasunga 36 Wh. Koma kusiyana kwake sikuthera pa kutalika kwa nthawi. Batire la 2.0Ah lili ndi mzere umodzi wa timabatire tisanu, pamene la 4.0Ah kapena 5.0Ah kawirikawiri lili ndi mizere iwiri, timabatire 10, togawana katundu. Makina akafika polimba n'kufuna moto wambiri nthawi imodzi, batire laling'ono limafooka n'kutentha, lalikulu limapirira. SDS yoikidwa batire la 2.0Ah imakhala ngati yatopa ngakhale ili yatsopano. Mugule mabatire awiri a 4.0Ah kapena 5.0Ah, lina lizigwira ntchito lina lili pa tchaja. Kumalo kumene magetsi amazimazima, kapena pa nyumba yomangidwa kumene imene ESCOM sinafikeko, lachitatu si kuwononga ndalama.

Chinthu chimene mmisiri wachinyamata ayenera kumvetsa asanatulutse ndalama n'chakuti kawirikawiri batire la kampani ina sililowa pa makina a kampani ina. Mukagula drill ya Makita LXT, ndiye kuti grinder, macheka ndi tochi zimene mudzagule m'tsogolo zidzakhalanso za LXT, apo ayi mudzagula mabatire ndi tchaja kachiwiri. Ngakhale mkati mwa kampani imodzi muli misampha. Bosch ili ndi mabatire a 18V a mitundu iwiri, a makina abuluu a amisiri ndi a makina obiriwira a ntchito za pakhomo, ndipo sasinthana. Makita ili ndi LXT ya 18V ndi XGT ya 40V Max, nazonso mabatire ake ndi osiyana. Makampani ena ayamba kugwirizana, monga gulu la CAS limene Metabo inayambitsa mu 2018 ndi la AMPShare la Bosch, koma msika wonse udakali wogawanika. Motero posankha drill mukusankhanso zipangizo za zaka zisanu kapena khumi zikubwerazo. Ubwino wake ndi wakuti mukakhala ndi mabatire, makina otsatira mumagula opanda batire, pamtengo wotsika.

Mabatire a lithium-ion amadana ndi kutentha. Kuwasiya padzuwa pamwamba pa malata, kapena m'galimoto yotseka mwezi wa Okutobala ku Chikwawa kapena ku Nsanje kumene kutentha kumadutsa madigiri 40, kumafupikitsa moyo wawo. Batire likachoka pa makina lili lotentha, liyambe lazizira lisanapite pa tchaja. Lotupa kapena losweka lisagwiritsidwenso ntchito, chifukwa limatha kuyaka moto wovuta kuzimitsa.

Amisiri ambiri amalandira zipangizo kuchokera kwa abale a ku Johannesburg, ku Britain kapena ku America. Tchaja ya ku Britain ndi ya ku South Africa imagwirizana ndi magetsi a kuno a 230V, kungoti ya ku South Africa imafuna kusintha pulagi. Tchaja zambiri za ku America ndi za 120V zokha, ndipo zikalumikizidwa kuno zimapsa nthawi yomweyo. Werengani zolembedwa pansi pa tchaja musanaiike pa soketi. Wobweretsa mabatire pa ndege adziwe kuti mabatire apadera saloledwa m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege, amayenera kukhala m'chikwama cha m'manja, ndipo opitirira 100 Wh amafuna chilolezo cha kampani ya ndegeyo.

Bit ndi kaboolededwe

Makina odula oikidwa bit yotha amaboola moipa kuposa makina wamba oikidwa bit yabwino. Nsonga ya bit ya khoma ndi ya tungsten carbide, ndipo ikatha m'mbali imaboola bowo lochepa, pulagi ya m'khoma n'kukana kulowa. Ma bit abwino amakhala ndi chidindo cha PGM, cha bungwe la ku Germany limene limatsimikiza kuti kukula kwa bit kuli m'malire oyenera mapulagi ndi mabawuti a m'khoma. A nsonga ya mano anayi sagwidwa msanga akakhudza chitsulo cha mu konkire. Ngakhale zili choncho, mukamva kuti mwagunda chitsulo mu lintel kapena mu mzati, imani n'kusuntha bowolo. Chitsulocho ndi chimene chanyamula nyumba.

Si khoma lililonse lofuna kumenyedwa. Pa njerwa yofewa yambani ndi kuzungulira kokha, chifukwa kumenya kumakuza bowo, pulagi n'kumangozungulira momwemo. Pa buloko la mphako, kumenya mwamphamvu kumagumula mbali ya mkati ya khungu la bulokolo, ndipo pulagi imatsala ndi malo ochepa ogwira. Pa matailosi hamala izimitsidwe mpaka bit itadutsa tailosi. Boolani pa njerwa, osati pa mzere wa matope, makamaka nyumba yomangira dothi. Bowo likatha, lipemerereni kapena kulipukuta ndi kaburashi, pakuti fumbi lotsalira limachepetsa mphamvu ya bawuti, makamaka yomatidwa ndi mankhwala. Pulagi ya nayiloni imene timaidziwa lero inapangidwa ndi Artur Fischer wa ku Germany mu 1958, ndipo imagwira podzitambasula n'kukanikiza m'mbali mwa bowo, ndiye bowo likakhala lalikulu ngakhale pang'ono, palibe chimene yagwira. Mawaya ndi mapaipi obisika amakonda kuyenda molunjika pamwamba, pansi kapena m'mbali mwa soketi, switch ndi mpopi, choncho mizere imeneyo muiope.

Thupi la mmisiri

Gawo ili amisiri ambiri amalidumpha, ndipo limandidetsa nkhawa kuposa onse. Mchenga, miyala ya kwale ndi njerwa zili ndi silica, ndipo fumbi lake losalala kwambiri, losaoneka ndi maso, likalowa m'mapapo silitulukanso. Limayambitsa silicosis, matenda osachiritsika amene amatsegulanso khomo la TB. Mabanja ambiri a kuno amawadziwa matendawa kudzera mwa azibambo amene anabwera akutsokomola kuchokera ku migodi ya golide ya ku South Africa pa nthawi ya WENELA ndi TEBA. Mu 2019 khoti lalikulu la ku Johannesburg linavomereza chipukuta misozi cha 5 biliyoni rand kwa anthu ogwira ntchito m'migodi amene anadwala silicosis ndi TB. Woboola denga la konkire, nkhope ili m'mwamba, akupuma fumbi la mtundu womwewo. Ku Britain malire ololedwa ndi 0.1 mg pa kiyubiki mita ya mpweya pa maola 8 a ntchito, kafumbi kochepa zedi. Mpango womanga pamphuno sutchinga fumbi lotere. Pamafunika masiki ya FFP3, kapena ya FFP2 kapena N95 ngati inayo yasowa, pamodzi ndi magalasi ndi zotseka m'makutu. Makina ena a SDS ali ndi kabokosi koyamwa fumbi komangirira pansi pake, ndipo ngati mukuyerekeza makina awiri ofanana, sankhani olola kabokosiko.

Kunjenjemera kwa makina nakonso kumawononga mitsempha ya m'manja pang'onopang'ono: zala zimayamba dzanzi, kenako zimalephera kutola sikulu yaing'ono. M'kabuku ka makina aliwonse abwino muli nambala ya kunjenjemera, yolembedwa m/s². Malinga ndi malamulo a ku Britain, makina a 10 m/s² amafikitsa munthu pa mlingo wofuna kuchitapo kanthu m'mphindi 30 zokha zoboola, ndipo pa malire enieni m'maola awiri. Rotary hammer zambiri zikamaboola konkire zimakhala pamenepo kapena kupitirira. Zina zili ndi chogwirira cholekanitsidwa ndi thupi la makina ndi masipuling'i, ndipo kusiyana kwake kumamveka madzulo poweruka.

Ngozi yadzidzidzi ndi ya bit kugwidwa m'bowo. Bit ikaima, makinawo ndi amene amazungulira, n'kupotokola mkono, ndipo munthu ali pa makwerero akhoza kugwa. SDS yabwino ili ndi clutch imene imatsetsereka bit ikagwidwa, ndipo makina ena atsopano ali ndi kachipangizo kozimitsa mota kakangomva kugwedezeka kotero. Hammer drill yamphamvu, ya mphamvu yopotokola ya 100 Nm kapena kuposa, ilibe chitetezo cha clutch ikakhala poboola, ndiye chogwirira cham'mbali chisachotsedwe. Kulemera nakonso muganizire: SDS ya 18V yokhala ndi batire imalemera makilogalamu atatu kapena kupitirira pang'ono, ndipo woboola m'mwamba tsiku lonse angachite bwino ndi yaing'onopo.

Pogula

Makina achinyengo, ovala mtundu ndi dzina la makampani otchuka, adzaza misika. Amadziwika ndi mtengo wotsika modabwitsa, batire lopepuka, zilembo zosalongosoka ndi kusowa kwa nambala ya makina. Kwa mmisiri amene ndalama sizikukwana, ndi bwino kugula makina enieni a kampani yotsika mtengo, okhala ndi lisiti ndi chitsimikizo, kusiyana ndi achinyengo a dzina lalikulu, chifukwa batire lachinyengo kawirikawiri lilibe chitetezo chokwanira potchaja.

Makina ogwiritsidwapo kale ntchito akhoza kukhala abwino mukawayesa. Pitani ndi bit yanu ndi chidutswa cha konkire. SDS iyambe kumenya ikangokhudza konkireyo, ndipo ikamachedwa kapena kumenya mofooka itatenthera, mwina malabala a pisitoni atha. Bit ya SDS imagwedera pang'ono makina akamazungulira m'mwamba, chimenecho si chilema, koma isatuluke mukaikoka. Onani ngati girizi sakudontha pakamwa pake, nunkhizani m'mipata ya mpweya ngati mulibe fungo la kupsa, ndipo muboole mabowo angapo ndi batire lililonse limene akukugulitsani, mukuyang'ana timagetsi tosonyeza moto wotsala. Batire limene latsika timagetsi tiwiri pa mabowo ochepa latha, ndipo mtengo wa lina latsopano uchotsedwe pa ndalama imene akukutchulirani.